Vinyo wa a Pina Anaundana ku Sudbury

Amuna anga, a Aldo, anamwalira Lachiwiri loyamba la Januwale, nthawi itangopitirira pang'ono 4 koloko madzulo. Ndinali nditatuluka kukatenga madzi otentha, ndipo pobwerera ndinapeza namwino atakoka kale katani. Tinakhala m'banja zaka khumi ndi chimodzi. Iwo anali Mtaliyana woika matailosi m'nyumba za anthu. Ine ndine wa ku Ntcheu, ndimasamalira okalamba ku Scarborough, mbali ina ya mzinda wa Toronto.

Thupi lawo linatenthedwa, monga anafunira eni ake. Kwathu zimenezi sitichita, choncho abale ku Ntcheu ndinangowauza kuti mwambo wayenda bwino. Anandipatsa kabokosi kolemera ngati mapaketi awiri a shuga. Ndinakhala nako m'nyumba masabata asanu ndi awiri, ndipo mtima sunakhale pansi. Munthu amene sanalowe m'nthaka maliro ake sanathe.

A Aldo ankafuna kukagona pafupi ndi makolo awo ku Sault Ste. Marie, tauni ya kumpoto imene anthu amangoti ku Soo. Koma malo a mandawo ali m'dzina la mlongo wawo wamkulu, a Pina, ndipo popanda iwo kusaina palibe amene angakumbe. A Pinawo sanabwere ku ukwati wathu. Anauza a Aldo kuti ine ndikungofuna mapepala a dziko lino, ndipo kuyambira tsiku limenelo awiriwo sanalankhulanenso. Ku maliro anatumiza khadi, lopanda mawu awoawo.

Mu Novembala, tsiku lomaliza limene a Aldo anayenda panja ndi miyendo yawo, anabwera ndi botolo lobiriwira. Analemba pa pepala lake ndi bolopeni kuti Pina, nandipatsa.

"Felesi, usamuimbire foni, adula. Upite Lachisanu 1 koloko isanakwane, nthawi imene amaphika nsomba. Botololi uligwire poonekera, alione pa zenera."

"Nanga akandibweza?"

"Iweyo akhoza kukubweza. Ili sangalibweze."

Vinyo ameneyu dzina lake ndi Verdicchio. Ndi woyera, wooneka ngati udzu wouma wotsala ndi kubiriwira pang'ono. Amachokera ku Marche, kumapiri a pafupi ndi tauni ya Jesi, kumene bambo awo a Aldo anali ndi kamunda ka mphesa asanasamukire kuno. A Aldo ankati dothi lake ndi ladongo, ndipo mphepo imawomba kuchokera kunyanja masana, madzulo nkutembenuka kuchokera kumapiri. Ankati ukameza amasiya kuwawa pang'ono kukhosi, ndipo kuwawako nkumene kumatsuka mafuta a nsomba m'kamwa. Ndikaphika nyama ya mbuzi sankamutsegula, ankati mbuzi yanga imamupha. Zonsezi ndikungonena zimene ndinamva. Ine mowa sindinaulaweko chibadwire, ndipo kutchalitchi ndili m'gulu la amayi.

Ndinanyamuka Lachinayi lomaliza la Febuluwale, kuti ndikagone ku Soo ndi kukagogoda kwa a Pina Lachisanu m'mawa. Tikiti inadya pafupifupi malipiro a tsiku lathunthu. Ndinatuluka m'nyumba hafu pasiti sikisi, ndinakwera basi mpaka ku Kennedy, kenaka sitima ya pansi, nkusintha ina yotsikira ku Union kumene kumakwerera mabasi a kutali. Ndinali ndi sutikesi yaing'ono ndi chikwama cha m'manja. M'chikwamamo munali kabokosi ndi botolo lokulungidwa m'chitenje, khosi lake likusuzumira kunja chifukwa zipi sinkatseka.

Ndili pamzere ndinamva mawu kumbuyo.

"Ba Felesi! Ndimwe? Muyenda kuti na mphepo so?"

Anali mayi Tembo. Iwo ndi a ku Zambia, namwino, ndiponso ndi amene amatsogolera gulu lathu la amayi. Anali atapeza ntchito ya miyezi isanu ndi umodzi ku chipatala cha ku Sudbury, ndipo ankabwera ku Toronto kamodzikamodzi. Ndi munthu wabwino, koma ndi iwo amene anaimitsa mayi wina m'kwaya chifukwa anaoneka pa chithunzi cha ukwati ali ndi tambula m'manja. Tsono ine, wamasiye wa masabata asanu ndi awiri, duku lakuda kumutu, botolo likusuzumira m'chikwama.

Ndinawauza kuti ndikupita kwa alamu ku Soo, nkuwapempha kuti andisungire malo, ndikufuna kuchimbudzi. Kumeneko ndinatsegula sutikesi, ndinakankhira botolo pakati pa zovala, nkutseka. Sutikesi inalowa mosungira katundu, pansi pa basi. Ine ndinakwera ndi kabokosi kokha.

Mpaka ku Barrie msewu unali bwino. Mayi Tembo ankandifotokozera za ntchito yawo, za lendi ya ku Sudbury, za mwana wawo amene amawayankha m'Chingerezi ngakhale akamukalipira m'Chinyanja. Ine ndinkangoti eya. Titadutsa Barrie sinowo, chipale chofewa chija, inayamba kugwa, yoyenda chammbali, ndipo dalaivala anachepetsa liwiro mpaka tinkayenda ngati ngolo.

"Chikwama icho muikeko pamwamba, mupumuleko miyendo," anatero mayi Tembo.

"Ayi, chili bwino pano."

"Muli chani kansi, golide?"

"Muli abambo."

Anayang'ana chikwamacho, nayang'ana ine. Anachotsa thumba lawo la mandasi limene anali atalitsamiritsa pa chikwamacho.

"Mwandi, sininadziwe. Munikhululukire."

Anagwira dzanja langa napemphera motsitsa mawu. Pamene ankapemphera ine maganizo anali pansi pa basi, ndipo ndinachita manyazi kawiri.

Tisanafike ku Parry Sound tinapeza apolisi atatseka msewu. Chilole chinali chitapingasa kutsogolo. Dalaivala anatilowetsa pamalo omwetsera mafuta pamene panali kasitolo ka khofi, nati tidikire mphindi makumi anayi. Tinakhalapo maola anayi. Mabasi ena awiri anatipeza pomwepo, ndipo chimbudzi chinali chimodzi. Supu inatha, kenaka buledi. Mtsikana wogulitsa anayamba kungoloza mashelefu opanda kanthu osalankhula. Panali bambo wina wa ku migodi amene ankauza aliyense kuti iyi si sinowo, sinowo inagwa chaka chimene anabadwa mwana wake woyamba. Anatiuza katatu. Ine ndinakhala pa mpando wa pulasitiki pafupi ndi chitseko, chikwama pamiyendo, ndipo munthu aliyense akalowa mphepo inkandimenya m'maondo. Sindinasunthe, chifukwa ukadzuka mpando wapita.

Ndinatopa kutopa kosafuna ngakhale kulankhula. Miyezi iwiri ya kuchipatala ndi a Aldo ndinaiphunzira bwino ntchito yodikira pa mpando wolimba, ndipo thupi linangobwerera m'chizolowezi chake.

Tinafika ku Sudbury cha m'ma 7 madzulo. Basi ya ku Soo inali itapita kalekale. Munthu wa pa kauntala anati ina ndi ya mawa kota pasiti seveni m'mawa, ndipo ikayenda bwino ifika isanakwane 12. Ndinawerengera pa zala. Nthawi inalipo, koma yochepa.

"Simugona pa benchi ine nilipo," anatero mayi Tembo. "Tiyeni."

Galimoto yawo inali itaima panja pa siteshoni masiku atatu, ndipo tinayamba taifukula. Nyumba yawo inali pa nsanjika yachitatu, yopanda chikepe. Titafika anatsegula buti nagwira sutikesi yanga.

"Tikwere nayo. Nizakuthandizani kupakula, zovala zanu tizipachike zisakwinyike. Simungaonekere kwa azilamu na diresi yokwinyika."

Ndimawadziwa mayi Tembo. Akati apachika zovala, ndiye kuti atsegula okha sutikesi ndi kutulutsa chilichonse.

"Isiyeni momwemo, mayi. Mulibe chimene ndikufuna. Tingavutike nayo pa masitepe chabe."

Wailesi ya m'galimoto inali itanena kuti kuzizira kufika 27 pansi pa ziro. Ndinamva bwinobwino. Koma a Aldo ankasunga kabotolo ka kachasu wa kwawo mu filiza chaka chonse, ndipo sikanaundanepo. Ine ndinkadziwa kuti mowa suundana. Kwa ine mowa unali mowa basi, sindinkadziwa kuti wina ndi madzi ambiri.

M'mawa mayi Tembo anandiperekeza ku siteshoni asanapite kuntchito. Anaika okha sutikesi pansi pa basi, nandipatsa mazira awiri owiritsa. Basi sinanyamuke kota pasiti seveni. Chitseko chake chinali chitagwidwa ndi madzi oundana ndipo sichinkatseka, mpaka anabwera munthu ndi chida chopemerera mpweya wotentha. Tinanyamuka 8 itadutsa.

Kunja kunali kutayera, dzuwa lowala koma losatentha. Tinaima ku Espanola kutsitsa anthu awiri ndi makatoni. Kenaka mitengo, miyala, mitengo. Ku Blind River dalaivala anati tipume mphindi khumi, ndipo ndinamupempha kuti anditsegulire pansi. Tsopano panalibe wondidziwa, ndimafuna botolo likhale m'manja mwanga.

Nditatsegula sutikesi, chitenje chinali chitauma gwa ngati chikumba. Ndinachifunyulula movutikira. Chotsekera cha botolo chinali chitatuluka kutalika ngati chala changa chaching'ono, chitang'amba kachitsulo kokutira pamwamba. M'khosi monse munali madzi oundana achikasu, ena atatsikira pa pepala. Dzina limene a Aldo analemba linali litafalikira, P yekha ndiye ankawerengeka. Diresi yanga yakuda yokaonekera inali ndi banga lalikulu pachifuwa, lonunkha.

Sindinalire. Ndinangoima pamenepo nditaligwira, zala zikuwawa. Ku Soo masitolo a mowa aliko, ndikanatha kufunsa lina longa lomwelo. Koma silikanakhala limene anagula a Aldo ndi miyendo yawo, ndipo bodza lina pa ulendo umodzi womwewo sindikanalitha.

Dalaivala anali mzungu wamtali wa ndevu zaimvi. Anaweramira kuona.

"Mayi, botolo lotsegula sililoledwa m'kati."

"Sindinalitsegule ine. Latseguka lokha."

"Ndaona." Anayang'ana duku langa. "Panopa si chakumwa, ndi mwala. Miyala sindiletsa. Koma likasungunuka ndisalione."

Anandipatsa jumbo ya zinyalala. Ndinakankha chotsekera ndi chala chachikulu koma sichinabwerere. Ndinalikulunga m'jumbomo, nkulilowetsa m'kati mwa jekete, pamimba, kuti lisungunuke tisanafike. Kuchokera ku Blind River mpaka ku Soo ndinakhala chowongoka, dzanja limodzi litagwira botolo kuti lisapendekeke, lina pa chikwama. Kuzizira kwake kunalowa mpaka kumsana. Titadutsa Thessalon linayamba kudontha, ndipo fungo linatuluka. Gogo wina wa mpando wa kutsidya ananunkhiza kawiri, nandiyang'ana, nayang'ana wotchi yake, napukusa mutu. Ndinayang'ana pa zenera. Chimene ndinkathawa kwa mayi Tembo chinandipeza kwa munthu wosamudziwa.

Tinalowa mu Soo 12 itapitirira ndi mphindi makumi awiri ndi zisanu. Takisi inachedwa kubwera. Pamene ndinkatsika pa nyumba ya a Pina, kanyumba ka njerwa kokhala ndi masitepe atatu, kunali kutatsala mphindi zisanu ndi ziwiri kuti 1 koloko ikwane.

Ndinachotsa jumbo, ndinagwira botolo ndi manja awiri poonekera, nkuliza belu ndi chigongono. Katani inagwedezeka. Panapita nthawi. Kenaka chitseko chinatseguka pang'ono, tcheni chili chokoleka, ndipo ndinaona mayi wamfupi kwambiri, wa zaka zoposa makumi asanu ndi atatu, wa mphuno ya a Aldo yeniyeni. Ndinagwada pa sitepe monga timachitira kwathu pofika kwa akuluakulu a kuchimuna.

"Dzuka, dzuka! Anthu akuona. Kuno si kutchalitchi."

Chingerezi chawo chinali chothyokathyoka ngati changa, ndipo tinamvana bwino. Anachotsa tcheni. Sanandiyang'ane ine, anayang'ana botolo.

"Wachita izi ndani?"

"Ndine, alamu. Linagona m'galimoto ku Sudbury."

"M'galimoto. Mu Febuluwale." Analankhula mawu angapo m'chinenero chawo, akuyang'ana kumwamba. "Zaka khumi ndi chimodzi ndi mchimwene wanga, sanakuphunzitse kuti vinyo sagona panja?"

"Anagula okha mu Novembala. Analemba dzina lanu apa, koma lafufutika. Ine ndinalibisa chifukwa ndinakumana ndi mayi wa kutchalitchi kwathu, ndinachita manyazi kuti aona wamasiye atanyamula mowa."

"Mowa!" anatero. "Ati mowa."

Analanda botolo m'manja mwanga, naliyang'anitsitsa pamene panali P, natembenuka kulowa m'kati akukoka mwendo. Sanati lowa. Koma chitseko sanatseke, ndipo kuno m'nyengo yozizira munthu sasiya chitseko chotsegula mwangozi. Ndinalowa, ndinavula nsapato.

Kukhitchini kunalibe chimene chinali pamoto. Pa tebulo panali beseni la nsomba zouma za kunyanja yamchere, zazitali ngati mkono, zimene anali ataziviika masiku angapo mpaka kufewa. Anali atayamba kuchotsa minga ndi zipsepse, koma zala zawo ndi zopindika ndi nyamakazi, ndipo kuyambira m'mawa anali atamaliza chidutswa chimodzi. Ndinaika chikwama pa mpando, ndinasamba m'manja, nkukokera beseni kwa ine. Sindinapemphe. Nsomba youma ndinayamba kuikonza ndisanayambe sukulu.

Anandiyang'anira kwa kanthawi, manja ali m'chiuno.

"Khungu usachotse. Zidutswa zikhale zazikulu. Zazikulu, ndati! Ukuphikira mphaka?"

Pansi pa poto anayala timitengo ta bango kuti nsomba isagwire. Pamwamba pake nsomba, khungu pansi, kenaka anyezi, karoti, tomato, kachewere wodula mokulakula, ndi mafuta a olivi ochuluka moti ndinaona ngati alakwitsa. Atatero anatenga botolo, lomwe linali litasungunuka kupatula kachibulumwa kamodzi kamene kankagunda m'kati. Anathira pang'ono m'kapu, nanunkhiza, nalawa.

"Wafooka," anatero. "Koma sanafe."

Anathira theka lonse m'poto. Itayamba kuwira ndinatenga chipande kuti ndivundule, ndipo anandimenya padzanja.

"Iyi savundula! Umangogwedeza poto, chonchi. Maola awiri. Khala pansi."

Tinakhala pansi. Poto inkalira pang'onopang'ono. Ine ndinali ndisanatchule chimene ndinabwerera, ndipo sindinkadziwa poyambira. Mawu amene ndinakonza m'basi onse anali atathawa. A Pina ankapukuta tebulo pamalo amodzimodzi. Kenaka analoza chikwama ndi chibwano.

"Ali m'menemo?"

"Eya."

"Wabwera naye pa basi."

"Pamiyendo."

"Iyeyo pamiyendo, vinyo mu buti." Anatulutsa mpweya m'mphuno, sindikudziwa ngati kunali kuseka. "Anavutika?"

"Mwezi womaliza, eya. Sabata yomaliza ankangogona."

"Ankamusambitsa ndani? Anamwino?"

"Ine. Sankafuna wina."

"Mapepala ako unapeza liti?"

"Ndinali nawo kale tisanakumane, alamu. Zaka zinayi."

Anadzuka kukagwedeza poto, ngakhale anali atangoigwedeza kumene, ndipo anakhalitsa komweko atandifulatira.

Tinadya 3 koloko itadutsa. Anatulutsa matambula awiri ang'onoang'ono, nathira vinyo wotsala, nakankhira imodzi kwa ine. Ndinaganiza kuti ndikakana, mwina ndabwerera pomwepa ndi kabokosi kanga. Koma ndinali nditatopa nako kubisa.

"Pepani alamu, ine sindimwa."

"M'mbale yakoyo muli theka la botolo."

"Za m'mbale ndidya."

Kenaka anatenga tambula ija naiika patsogolo pa mpando umene panali chikwama, nayamba kudya. Nsombayo inali yofewa, yamafuta, ndipo ndinadya mbale ziwiri chifukwa kuyambira ku Sudbury ndinali ndi mazira awiri okha m'mimba. A Pina ankamwa pang'onopang'ono. Anandiuza kuti bambo awo ankatsitsira mabotolo m'chitsime ndi chingwe kuti azizire, ndi kuti a Aldo ali ndi zaka zisanu anadula chingwecho. Anandiuza za mphesa zimene ankathyola mochedwa, za mayi awo amene ankakazinga tinsomba ta kunyanja Lachisanu lililonse. Sanandifunse za kwathu, ndipo sindinayembekezere kuti afunsa.

Nditayamba kusonkhanitsa mbale anati, "Nthaka yaundana, yauma gwa. Sakumba mpaka Meyi."

Ndinaima ndi mbale m'manja.

"Lolemba ndipita ku ofesi ya manda kukasaina. Iyeyu umusiye kuno, chipinda chake chilipo. Wayenda mokwanira pa mabasi." Anamaliza za m'tambula yawo. "Mu Meyi ubwere ndi nsapato zotseka, kumandako kumakhala matope. Ndipo vinyo usagule. Ndigula ndekha."

Ndinanyamula kabokosi kupita nako m'chipinda chimene anandilozera, ndinakaika pa kabati pafupi ndi chithunzi cha makolo awo. Ndinagona pa sofa, ndipo Loweruka m'mawa ndinakwera basi yobwerera. Inayenda bwino, sinachedwe paliponse. Ku Sudbury ndinali ndi ola limodzi lodikira, ndipo ndinaimbira mayi Tembo nkuwauza chimene chinagona mu buti ya galimoto yawo. Iwo anati, "Ba Felesi, sembe munaniuza chabe. Nikanaiika pafupi na hita." Sindikudziwa ngati akanaterodi.

Tsopano ndinabwerera kuntchito, mashifiti a m'mawa. A Pina sanandiimbirepo, ndipo ine sindiwaimbira. Kalata ya ku ofesi ya manda inafika sabata yatha, tsiku analemba. Ndapempha masiku anayi a tchuthi mu Meyi, ndipo nsapato zotseka ndagula.